Makinawo ndi anga, nanga Sony ikundiletsa bwanji kuwatsegula?

Funso: Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ntchito. Madisiki a magemu ndi odula, ndiye mmisiri wina mumsika wandiuza kuti akhoza kuichita jailbreak n'kundidzazira magemu mu hard drive. Cholinga changa n'chakuti ndiike TV pakhonde, anyamata azilipira kangachepe posewera mpira. Mlamuyo atamva wakalipa, akuti ndimangidwa, apo ayi Sony iwazimitsa makinawo osadzayakanso. Ine ndikuti chinthu chikakhala changa ndi changa basi. Kodi ufulu wanga ukulekeza pati? Ndine wowerenga wa ku Bangwe, Blantyre.

Yankho: Achimwene, makinawo ndi anudi. Mukhoza kuwamasula, kuwapukuta fumbi, kusintha fani, kuchotsa hard drive n'kuikamo yaikulu, zomwe Sony yomwe imalola mpaka imalongosola kachitidwe kake. Mukhoza kuwagulitsa, kaya kuwaphwanya ndi hamala tsiku lomwe akukwiyitsani, palibe angakufunseni. Koma mmisiri wanuyo wamanga zinthu ziwiri m'phukusi limodzi. China ndi kuthyola loko amene Sony inaika m'kati, china ndi kudzaza magemu amene simunagule. Pa nkhani ya lokoyo makhothi akhala akukokanakokana kwa zaka zoposa 20 ndipo mpaka lero mayiko sagwirizana. Pa nkhani ya magemu osagulawo palibe dziko lomwe limati umenewo ndi ufulu wa wogula. Mlamu wanu wakokomeza, koma sikuti wangolota.

Ambirife timaganiza ngati wakabaza: wagula njinga, wawotcherera mpando kumbuyo, waika khushoni ndi kagalasi, ndipo wopanga njingayo alibe nazo mawu. PS4 imasiyana ndi njinga pamodzi pokha. Chitsulo ndi pulasitiki zinagulidwa, koma pulogalamu yoyendetsa makinawo sanagulitse kwa aliyense. Anangopereka chilolezo choigwiritsa ntchito. Mawu ambirimbiri aja amene amadzaza sikirini makina akamayaka koyamba, amene tonse timangodina X osawerenga, ndiwo mgwirizano wake. M'menemo alembamo kuti simudzasintha pulogalamuyo, simudzazemba chitetezo chake, komanso kuti ndi yosangalala nayo pakhomo, osati yochitira malonda. Mwini wake woyamba anavomera, ndipo inu mukangoyatsa n'kuyamba kusewera, kampani imatenga kuti nanunso mwavomera.

Lokoyo amagwira ntchito motere. Gemu iliyonse yovomerezeka imakhala ndi siginecha ya masamu yomwe Sony yokha ndiyo ingasaine. Mukaika disiki, makina amayamba ayang'ana siginechayo, ikasowa amakana. Jailbreak ndi kupeza pobowoka m'pulogalamu ya makinawo n'kulowera pamenepo kuti asiye kufunsa. Pa PlayStation yoyamba ndi PS2 amisiri ankawotcherera chip pa bolodi, kenako kunabwera njira ya memory card ija ya Free McBoot, yomwe inachititsa kuti PS2 izitha kuwerenga magemu pa flash kapena pa hard drive. Chimene makampani amakakamirira loko ndi ndalama. Console, kutanthauza makina osewerera magemuwo, payokha phindu lake n'lochepa, nthawi zina amaigulitsa moluza. PS3 itatuluka mu 2006 ku America inkagulidwa madola 499 ndi 599, pomwe owerengera mitengo ya zipangizo ankati kupanga imodzi kunkadya madola oposa 800. Ndalama imabwera pambuyo, pa gemu iliyonse yogulidwa, pomwe mwini console amadulapo gawo lake, pa sitolo ya pa intaneti kawirikawiri 30 peresenti. Munthu wogula makina osadzagulanso gemu, kwa iwo ndi chiphinjo.

Lamulo lomwe linasintha zinthu ndi la ku America la 1998, Digital Millennium Copyright Act, lomwe linatsatira pangano la mayiko la 1996 la WIPO, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso. Kale mlandu unali kukopera ntchito ya mwini. Ndime 1201 ya lamuloli inabweretsa mlandu wina watsopano: kuthyola loko woteteza ntchitoyo, ngakhale musanakopere kanthu, komanso kupanga kapena kugulitsa zida zothyolera. Zaka zitatu zilizonse mkulu wa Library of Congress amamva madandaulo n'kutchula zinthu zomwe zaloledwa. Mu 2010 analola jailbreak ya mafoni. Mu 2012 bungwe lomenyera ufulu wa ogwiritsa ntchito makompyuta la Electronic Frontier Foundation linapempha kuti ma console nawonso aloledwe, koma anaponda mwala, ati pa console kuthyola loko ndi kuba magemu zimayendera limodzi kwambiri. Mu 2015 anakananso. Mu 2021 m'pamene anatsegula kampata kakang'ono: munthu akhoza kuthyola loko pofuna kukonza kapena kusintha chowerengera madisiki, bola akamaliza abwezeretse lokoyo.

Mwina mukudabwa kuti kusintha chowerengera madisiki kukufuniranji chilolezo cha boma. Funsani mmisiri amene anatsegulapo PS4 ya mtundu woyamba. Pansi pa drive pali kabolodi kakang'ono komwe kanamangiriridwa ku bolodi yaikulu ya makina omwewo kuchokera ku fakitale. Mukagula drive ina yabwinobwino n'kungoiika, makina amaikana. Mmisiri amayenera kumasula kabolodi ka pa drive yakufayo n'kukasamutsira pa yatsopano. Kabolodiko kakapsa, makina amatha kukana ngakhale update. Apa palibe amene akuba gemu. Munthu akungofuna kuti chinthu chake chigwirenso ntchito, loko n'kumutsekereza.

Nkhani yomwe imandiwawa kwambiri pa zonsezi ndi ya PS3. Makinawa atatuluka anali ndi gawo lotchedwa OtherOS, lomwe linkalola mwini kuikamo Linux n'kuwasandutsa kompyuta. Sony yomwe ndiyo inaika gawolo. Asayansi ankagula ma PS3 n'kuwalumikiza, mpaka asilikali a ndege a ku America analumikiza okwana 1,760 ku Rome, m'chigawo cha New York, n'kupanga kompyuta yamphamvu pamtengo wotsika. Fumbi linabuka pomwe mnyamata wa ku New Jersey, George Hotz, yemwe anali atatchuka kale potsegula iPhone mu 2007 ali ndi zaka 17, analengeza kumayambiriro kwa 2010 kuti wapeza polowera kudzera pa OtherOS. Pa 1 Epulo 2010 Sony inatulutsa update ya 3.21 yomwe inachotseratu gawolo pa makina amene anthu anali atagula kale. Wokana update sankalowanso pa PlayStation Network (PSN), malo a Sony a pa intaneti ogulira magemu ndi kusewera ndi anthu ena, ndipo magemu atsopano sankamutheka. Munthu analipira makina ochita ntchito ziwiri, kenako n'kuuzidwa kuti asankhepo imodzi.

Akadaulo a makompyuta zinawapsetsa mtima. Mu Disembala 2010, pamsonkhano wa Chaos Communication Congress ku Berlin, gulu la fail0verflow linaonetsa poyera kuti Sony inalakwitsa masamu a siginecha ija. Nambala yomwe inkayenera kusintha nthawi iliyonse posaina, iwo ankangobwereza imodzimodzi, ndipo ndi cholakwika chimenecho kiyi wachinsinsi ankatheka kuwerengeredwa. Mu Januwale 2011 Hotz anaika kiyi pa intaneti, Sony n'kumusumira ku California. Zinafika poti khothi linalola Sony kutenga ma adiresi a intaneti a anthu amene anangotsegula webusaiti ya mnyamatayo. Mlandu sunafike pachigamulo. Mu Epulo analengeza kuti agwirizana kunja kwa khothi, Hotz n'kulonjeza kuti sadzathyolanso loko wa zinthu za Sony. Ndiye funso lanu lomweli, loti mwini makina ali ndi ufulu wotani, woweruza sanaliyankhe. Nanga ogula amene analandidwa OtherOS aja? Anasuma ngati gulu, mlandu unayenda zaka 8, Sony inavomera kupereka madola 3.75 miliyoni, ndipo maloya atatengapo zawo aliyense anatsala ndi madola pafupifupi 10.

Ku Australia zinayenda mwina. Eddy Stevens wa ku Sydney ankaika ma chip m'ma PlayStation, Sony inamusumira, mlandu unakwera mpaka ku High Court, ndipo mu Okutobala 2005 oweruza onse anagamula momukomera. Iwo anati loko wa Sony sankaletsa munthu kukopera disiki, ankangoletsa kusewera, choncho sankalowa m'gulu la maloko otetezedwa ndi lamulo la nthawiyo. Bungwe loteteza ogula la m'dzikomo, ACCC, linalowererapo pamlanduwu chifukwa loko yemweyo ankaletsanso munthu kusewera disiki yeniyeni yogula ku America kapena ku Japan. Koma anthu okonda kutchula chigamulochi amaiwala dala mbali ina: Stevens yemweyo khothi loyamba linali litamupeza kale wolakwa pogulitsa magemu okopera okhala ndi chizindikiro cha Sony. Pa chip anapambana, pa magemu obena anagwa chagada. Mu 2006 nyumba ya malamulo inasintha lamulo potsatira pangano la malonda ndi America, kampata kaja n'kuchepa.

Ku Ulaya oweruza anafunsa funso lomwe ine ndimaliona lanzeru. Kampani ya ku Italy yotchedwa PC Box inkagulitsa zida zotsegulira Nintendo DS ndi Wii, ikunena kuti n'zothandiza anthu kuonera mafilimu, kumvera nyimbo ndi kuyendetsa mapulogalamu opanga okha. Mu Januwale 2014 khothi lalikulu la European Union linati loko amatetezedwa ndi lamulo pokhapokha ngati sakupitirira malire a ntchito yake yoletsa kuba, ndipo khothi la m'dziko liyenera kuyang'ana kuti anthu chidacho amachigwiritsa ntchito yanji kwenikweni. Mlandu utabwerera ku Milan, khothi linapeza kuti ntchito yake yaikulu inali kusewera magemu akuba, Nintendo n'kupambana mu 2015. Koma mu Okutobala 2024 khothi lomwe lija la European Union linakana dandaulo la Sony pa kampani ya Datel, yomwe inkagulitsa pulogalamu yobera masewero pa PSP. Linati kusintha manambala amene gemu imasunga kwakanthawi mu memory pomwe ikuyenda si kukopera kapena kusintha pulogalamu ya mwini.

Tibwere ku zomwe mlamu wanu akuopa, zomangidwa. Alipo anamangidwadi. Gary Bowser wa ku Canada ankayendetsa mawebusaiti ndi kutsatsa malonda a gulu la Team Xecuter, lomwe linkagulitsa zida zothyolera Nintendo Switch. Anamugwira ku Dominican Republic mu 2020, ndipo mu Febuluwale 2022 khothi la ku Seattle linamupatsa miyezi 40 kundende ndi kubweza madola 4.5 miliyoni, kuwonjezera pa ena 10 miliyoni a mlandu wa chipukutamisozi. Anatuluka mu 2023, koma ngongoleyo akuilipira podulidwa gawo la ndalama zomwe amapeza. Ku Japan lamulo linakhwimitsidwa mu 2018 moti bizinesi yosintha ma console kapena ma save a magemu ikhoza kutengera munthu kundende zaka 5 kapena faindi ya ma yen 5 miliyoni, ndipo mu Januwale 2025 apolisi a ku Kochi anamanga bambo wa zaka 58 pogulitsa ma Switch osinthidwa odzaza kale magemu akuba. Abale athu amene ali ku Britain adziwenso kuti kumeneko kugulitsa, kutsatsa kapena kuitanitsa zida zoterezi pochita malonda ndi mlandu wa upandu, ndipo mu 2010 High Court inagamula kuti makhadi a R4, ozembera loko wa Nintendo DS, ndi oletsedwa ngakhale wogulitsa ankati ali ndi ntchito zinanso zabwino. Onsewa ndi ogulitsa ndi ofalitsa. Pa nkhani yanuyi amene wayandikira moto ndi mmisiri uja. Inu mumayandikira tsiku lomwe mwayamba kulandira ndalama za anyamata pa magemu okopera, chifukwa pamenepo simulinso wogula wongosewera ndi chinthu chake, mwasanduka wamalonda.

Zoti Sony iwazimitsa makina osadzayakanso si mmene kampaniyo imachitira. Chilango chake chodziwika ndi ban: imatseka akaunti kapena makinawo kuti asalowenso pa PlayStation Network. Makina amayakabe, disiki imasewerabe, koma kusewera ndi anthu pa intaneti kwatha, ndipo akaunti ikatsekedwa magemu onse amene anagulidwa nayo amapita nayo limodzi. Microsoft inachita zimenezi kwa chinamtindi cha ma Xbox 360 mu Novembala 2009. Nintendo ndiyo yaika mwendo patali. Mu Meyi 2025, kutatsala milungu yochepa kuti Switch 2 ituluke pa 5 Juni, inasintha mgwirizano wa ku America n'kulembamo kuti wophwanya malamulo ake ikhoza kuchititsa makina ake kukhala osagwiranso ntchito mpaka kalekale, onse kapena mbali ina. Posakhalitsa anthu amene anaikamo khadi ya MIG, yosewerera magemu okopera, anayamba kuona nambala 2124-4508 pa sikirini, kutanthauza kuti makina atsekeredwa kunja kwa intaneti ya Nintendo. Ku Brazil bungwe loteteza ogula la Procon la ku São Paulo linauza kampaniyo kuti mawu amenewo akupondereza wogula ndipo asinthidwe. Ine ndili kumbali ya Procon. Kampani kukana munthu pa seva yake ndi ufulu wake, chifukwa sevayo ndi yake. Kufikira m'nyumba mwa munthu n'kupha chinthu chomwe analipira ndi nkhani ina.

Kwathu kuno lamulo loyenera kuliyang'ana ndi Copyright Act ya 2016, ndipo oliyang'anira ndi a COSOMA. Lamuloli limateteza mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera nyimbo ndi mabuku. Popeza Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991, ntchito ya kampani ya ku Japan kapena ku Canada ndi yotetezedwa kuno mofanana ndi chimbale cha woimba wa ku Chileka. Kukopera popanda chilolezo, kugulitsa zokoperazo kapena kudyerapo ndalama ndi kuphwanya lamulo. Musadikire kuti loya wa Sony adzakwera minibasi ya ku Bangwe. Amene amachita bizinesi yobena nyimbo ndi kuonetsa mafilimu amadziwa kuti a COSOMA akabwera ndi apolisi, zomwe zimayamba kunyamulidwa ndi zipangizo. Kuti anthu ambiri akuchita zomwezo osafunsidwa sikuti lamulo kulibe.

Komabe sindingakhale pano n'kumayeretsa makampaniwa. M'malawi akamatsegula akaunti ya PlayStation Network, pamndandanda wa mayiko dzina la Malawi salipeza. Wa ku Zambia ndi wa ku Mozambique chimodzimodzi. Timalemba South Africa, Britain kapena America, n'kumagula makhadi a ndalama za kumeneko kudzera kwa abale. Kunena kwina, kampani yomwe ikutiuza kuti tizigula mwachilungamo sinatitsegulire khomo logulira. Zimenezi zinaonekera poyera mu Meyi 2024, pomwe Sony inalamula kuti osewera Helldivers 2 pa kompyuta alumikize akaunti ya PSN, gemuyo n'kuchotsedwa pamsika m'mayiko oposa 170 komwe PSN kulibe. Anthu atalira chokweza, Sony inabweza lamulo la akauntilo patangopita masiku ochepa. Wonjezeranipo mtengo wa bandulo pomwe update imodzi ikhoza kudya ma GB makumimakumi. Wonjezeranipo masitolo otsekedwa: Nintendo inatseka sitolo ya 3DS ndi Wii U mu Malichi 2023, Microsoft ya Xbox 360 mu Julayi 2024. Makina akale amenewa ndiwo amafika kwathu kuno, ndipo magemu ena amene ankangopezeka m'masitolo amenewo palibenso pogula, ngakhale mutanyamula ndalama m'manja.

Ndiponso si aliyense wotsegula console amene ndi wakuba. Pulogalamu yoonera mafilimu ya Kodi, yomwe anthu ambiri ali nayo lero, inabadwira pa Xbox yoyamba yothyoledwa loko, ikutchedwa XBMC, dzina linasintha mu 2014. Microsoft pano ili ndi Developer Mode yovomerezeka pa Xbox, momwe munthu amayendetsa mapulogalamu ake popanda kuthyola kanthu. Kampani ya Valve inatulutsa console ya Steam Deck mu 2022 ili yotsegula: mukafuna kuikamo Windows ikani, ndipo zipangizo zosinthira zimagulitsidwa poyera kudzera ku kampani ya iFixit. Kampaniyo sinagwe. Sony yomwe inasumira Hotz, mu 2020 inalengeza poyera kuti izilipira akadaulo opeza mabowo mu PS4, mphotho yaikulu kuyambira madola 50,000. Maganizo anga ndi akuti ufulu wokonza makina ako, ndi woyendetsapo pulogalamu yomwe walemba wekha kapena yomwe mwini wake akugawa mwaulere, unayenera kukhala wa wogula m'dziko lililonse. Pang'onopang'ono zikusuntha. Mu 2018 bungwe la Federal Trade Commission ku America linachenjeza Sony, Microsoft ndi Nintendo kuti timapepala tija tomata pa sikuluwu, tonena kuti mukang'amba waranti yatha, n'tosemphana ndi lamulo la 1975. Kuyambira Januwale 2025 ku California sitolo ya pa intaneti siloledwa kulemba kuti mukugula pomwe ikungokupatsani chilolezo, pokhapokha itanena momveka. Koma onani mphamvu ya makampani a magemu: malamulo atsopano a ufulu wokonza zipangizo ku California, Minnesota ndi Oregon onse anapatula ma console, kuwasiya kunja.

Pomwe ogula anapambana mosavuta sikunali kukhothi. Mu 2013 Microsoft inalengeza kuti Xbox One izifuna intaneti tsiku lililonse ndipo kubwereketsa kapena kugulitsa disiki kukhala ndi malire. Anthu anakana kwamtuwagalu, Sony inapezerapo mwayi wotsatsa PS4 ponena kuti disiki yake mungopatsira mnzanu pamanja, ndipo mu Juni chaka chomwecho Microsoft inabweza mawu ake. Mpaka lero disiki ya PS4 yogwiritsidwa kale ntchito imasewera pa makina aliwonse popanda kupempha chilolezo kwa wina, ndipo m'pomwe pagona njira yomwe ndikulangizeni.

Tsopano za PS4 yanuyo. Musanapereke ndalama kwa mmisiri, lowani mu Settings, kenako System, kenako System Information, muone nambala ya firmware, pulogalamu ija yoyendetsa makinawo. Jailbreak imadalira bowo la m'firmware yakale, Sony ikalimata njirayo yatha. N'chifukwa chake mumamva anthu akutchula 5.05, 9.00 ndi 11.00. Makina akalandira update sabwerera m'mbuyo mwa njira wamba. Mmisiri wolonjeza kubweza firmware ndiye kuti atenga chowotcherera n'kukhudza tizipangizo ta pa bolodi, ndipo dzanja likanjenjemera pang'ono makina afa. Mufunseni pamaso pa mboni kuti akafa alipira ndani. Za waranti musawerengere: ku South Africa lamulo loteteza ogula limapereka miyezi 6 pa katundu wogulidwa kwa wamalonda, koma limachotsa chitetezocho ngati katunduyo wasinthidwa mosemphana ndi malangizo.

Chomwe amisiri ambiri satchula n'chakuti jailbreak ya PS4 siikhazikika. Makina akazima kwathunthu imafufutika, muyenera kuibwereza, nthawi zina kangapo isanagwire. Ganizirani ndi magetsi athuwa. Anyamata adzaza benchi, ndalama apereka kale, magetsi angobwera kumene, inu muli kalikiliki kulowetsa ndi kutulutsa flash, makina akungoima kapena kuzima okha, wina wayamba kale kuitanitsa ndalama yake. Ndipo PS4 ikazima mwadzidzidzi ili m'kati molemba pa hard drive, imatha kusokonekera mpaka kufuna kuti muikenso pulogalamu yonse. Pamenepo munthu wosadziwa amatsitsa firmware yatsopano pa webusaiti ya Sony, jailbreak n'kuthera pomwepo, ndalama ya mmisiri yalowa m'madzi. Magemu atsopano nawo amafuna firmware yatsopano, ndiye chaka chilichonse mpira watsopano ukatuluka mudzakhala mukubwerera kwa munthu yemweyo.

Ine ndikanakhala inu ndikanasiya makinawo mmene alili n'kupempha mlamu kuti azitumiza madisiki enieni ogwiritsidwa kale ntchito. Madisiki a PS4 alibe loko wa chigawo: yogula ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku London imasewera chimodzimodzi, kupatula zowonjezera zotsitsa pa intaneti zomwe zimafuna akaunti ya chigawo chomwe disikiyo inachokera. Gemu ya mpira ya zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo mtengo wake umagwa kwambiri, ndipo pakhonde simufunika magemu 40. Anyamata amafuna mpira, ndewu ndi mpikisano wa magalimoto. Kusewera awiri pa TV imodzi sikufuna intaneti. Ndikuuzeni mosabisa kuti ngakhale ndi disiki yeniyeni, mawu a mgwirizano aja amati ndi yosewera pakhomo, osati yolipiritsa anthu. Koma pamenepo palibe chomwe mwakopera, ndipo mwaima pabwino kwambiri kuposa munthu wokhala ndi hard drive yodzaza magemu obena. Pitani ku khonsolo mukafunse za laisensi ya bizinesi, mufunsenso a COSOMA ngati malo anuwo akufunika chiphaso chawo, makamaka mukamaikanso nyimbo kapena mafilimu.

Mukaumirirabe za jailbreak, chotsani kaye akaunti iliyonse yomwe ili m'makinawo, makamaka ngati ili ndi magemu ogulidwa kapena khadi ya ku banki, ndipo makinawo asadzayandikirenso PlayStation Network.

Bizinesi ikakula mudzafuna makina achiwiri, ndipo apa m'pomwe ambiri amagwiritsidwa fuwa lamoto. Ban ya makina imatsata makinawo, osati munthu amene analakwa. Console yotsekedwa imaoneka yabwinobwino, imayaka, imasewera disiki, mumadzazindikira muli kunyumba. Musanalipire, yatsani hotspot ya foni yanu, mulumikize makinawo, muone ngati akulowa pa PlayStation Network kapena pa sitolo ya Nintendo. Yang'anani masikuluwu ngati anakumbidwapo ndi sikuludiraiva, mufunse ngati makina anatsegulidwapo, ndipo yankho lilembedwe pa lisiti pamodzi ndi serial number. Wamalonda akakubisirani kuti makina ndi otsekedwa kapena osinthidwa, kumeneko ndi kunamiza wogula, ndipo dandaulo lake limapita ku Competition and Fair Trading Commission, yomwe pano ikugwiritsa ntchito lamulo latsopano la 2024. Bungweli lakhala likunena kuti chikwangwani chija cholembedwa kuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichichotsa udindo wa wogulitsa pa katundu wowonongeka. Popanda lisiti, dandaulo lanu lidzavuta kuliyendetsa.